Ndinanenepetsa Nsomba za Adona

Turffontein, Joni
24 Malichi 2024

Okondedwa amake Comfort,

Moni wanga akupezeni muli ndi moyo, inu pamodzi ndi mwana wathu Comfort. Ine kuno ndadzuka bwino, chifuwa chija chinandisiya. Kalatayi ndapatsira a Sumaili onyamula katundu aja, chifukwa zolankhulira pa foni yobwereka ya a Elenala ndatopa nazo. Munthu kungoti "muli bwanji akazi anga," mawa lake msika wonse wa pa Jali wadziwa kuti Medson anaimba ndiponso zomwe ananena.

Mtima ukhale pansi, ntchito ndaipeza. Ya m'dimba ija inatha mu Januwale, sindinakuuzeni poopa kuti mungadwale ndi maganizo. Za masabata a pakatipo tisakambe, chachikulu n'choti anadutsa.

Tsono musaseke. Ine amene ndinasiya nsomba ku Chilwa, ndakumananso ndi nsomba ku Joni. Ndikugwira mu shopu ya mayi wina wachimwenye, timangowatchula kuti adona, ndipo amagulitsa nsomba zamoyo. Si zandiwo ayi. Anthu amagula, n'kukaziika m'thanki ya galasi pabalaza, n'kumaziyang'ana ngati TV. Kansomba kochepa kuposa temba, malandi 150! Tsiku loyamba ndinafunsa adona kuti ikafa amaikazinga kapena amaiwamba. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

Ntchito yanga ndi kutsuka matanki, kupala ndere pagalasi, kusintha madzi ndi kudyetsa. Pondiyesa anandipatsa kaukonde ka m'manja, n'kundilozera nsomba imodzi pakati pa zinzake makumi asanu kuti ndiigwire. Ndinaitapa kamodzi n'kamodzi. Akanadziwa kuti ndinakulira pa zimbowera, tinyumba toyandama ta asodzi tija, sakanataya nthawi yawo.

Koma pali mawu. Akuti andiona kaye miyezi itatu, mpaka kutha kwa Juni. Akakhutira ndiye kuti ndalembedwa ndithu, adzandipatsa kalata yondithandiza pa za mapepala, ndipo nyumba yathu, yomwe yakhala ndi denga la pulasitiki chiyambire namondwe uja, idzaona malata chaka chomwechino. Akapanda kukhutira ndilibenso kolowera, ndidzangokwera galimoto ya a Sumaili. Chomwe chikundidikira kumeneko mukuchidziwa: kukakoka khoka la achimwene anu a Makisoni, ine amene ndinali ndi bwato langalanga. Munati akuti malo andisungira. Muwathokoze bwinobwino alamu angawo, koma asandiwerengere kaye.

M'chikwamamo mupeza sopo, mafuta ophikira ndi nsapato za Comfort za kusukulu. Zikakula muikemo pepala kutsogolo, phazi lizipeza m'tsogolo muno. Pulasitikiyo muimangenso mbali ya kunyanja, ndipo mpunga wa ku sikimu musausiyire mbalame.

Ndine mwamuna wanu,
Medson


21 Epulo 2024

Amake Comfort,

Kalata yanu yandipeza, ndaiwerenga katatu. Ndakondwa kumva kuti malungo a mwana anatha ndipo wabwerera kusukulu. Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba kuluma m'mamawa.

Khalani pansi kaye musanawerenge izi. Mwamuna wanu akugwira kompyuta.

Adona samagulitsa mu shopu mokha. Ali ndi peji pa intaneti pomwe amaikapo zithunzi za nsomba, ndipo anthu amasankha ali kunyumba zawo. Amene ankakonza zithunzizo ndi mwana wawo, koma wapita kusukulu ku Durban. Tsiku lina adona anandipeza ndikusoka kaukonde kong'ambika ndi ulusi wa thumba la chakudya cha nsomba. Anaima n'kumayang'ana mfundo zanga, kenako akuti, "Medson, manja amenewo tabwera nawo kuno."

Nkhani yake ndi iyi. Ukajambula nsomba ili m'thanki, chithunzi chimatuluka chauve. Pamaoneka timathovu, zokandika za pagalasi, zitosi zolendewera, nthawi zina mpaka nkhope ya wojambulayo ndi foni yake. Ndiye pali pulogalamu yokonzera. Umakulitsa chithunzi mpaka diso la nsomba likhale ngati mbale, n'kutenga madzi oyera a pambali n'kuphimba nawo pakudapo. N'chimodzimodzi kuika chigamba pa thalauza, kungoti chigamba chake sichioneka. Palinso pokokera kuti madzi obiriwira ayere ndi mtundu wa nsomba ubwerere. Chondisangalatsa kwambiri ndi batani lobweza. Ukalakwitsa umangolidina, cholakwacho n'kuchoka ngati sichinachitike. Mausi poyamba inkandithawa m'manja, koma pano ikundimvera.

Adona anangondiuza kuti, "Yeretsa madzi, yeretsa galasi, basi." Zithunzi khumi zoyamba anaziona okha n'kugwedeza mutu movomera. Tsopano atanganidwa ndi bambo wina wa hotela amene akufuna thanki yaikulu ya polandirira alendo, ndiye andisiyira kuti ndikamaliza ndiziika ndekha pa pejipo.

Ndikunong'onezeni kanthu. Nsomba za adona n'zokongola, koma n'zowonda zomvetsa chisoni, mimba zili pwata ngati makumba a chaka chomwe nyanja inaphwa. Pa doko la Kachulu palibe wogula angaziyang'ane kawiri. Ndiye pofufuzafufuza mu pulogalamu muja ndapeza kachida kena, ukakaika pamimba pa nsomba n'kudina pang'ono, mimba imatukuka. Ndanenepetsa zithunzi makumi anayi, chimodzichimodzi, mosamala. Mukanaziona, amake Comfort, mukanameza malovu. Adona sindinawauze, ndikufuna adzangodabwa malonda akuthamanga.

Mufunse mtengo wa malata pa Jali ndi ku Zomba, mundilembere. Tifunika makumi awiri ndi anayi, ndinawerenga ndisanachoke.

Wanu wa pa kompyuta,
Medson


5 Meyi 2024

Amake Comfort,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine m'thupi ndilibe vuto.

Ndilemba mwachidule, a Sumaili akupakira. Za malata zija mudikire kaye, musauze wa sitolo kuti akusungireni. Zithunzi ndinakuuzani zija zachotsedwa pa peji zonse, ndipo ine ndabwerera kuseri kotsuka matanki. Adona akungondiyankha moni basi.

A Makisoni mukakumana nawo musawayankhe mothimbirira. Ngati munawauza kale za kompyuta, palibe kanthu, koma musaonjezerepo.

Ulendo uno ndangotumiza shuga ndi makope a Comfort. Muzindipempherera.

Medson


26 Meyi 2024

Okondedwa akazi anga,

Moni nonse kumeneko. Ndamva kuti mwayamba kumweta mpunga ndipo msana ukukuvutani. Musadzikakamize, pezani anthu awiri akuthandizeni, muwapatse mpunga womwewo. Ine ndili moyo, ndipo ntchito sinathe, yambani mwamva zimenezo.

Mwandikalipira m'kalata yanu. Mwalemba kuti, "Mukandibisira theka la nkhani, theka linalo ndimalipeka ndekha, ndipo langalo limakhala loipa kuposa lanu." Mwanena zoona. Nayi nkhani yonse.

Kuno nsomba yotukuka mimba si yonona ayi, ndi yodwala. Pali nthenda yomwe imatupitsa nsomba za m'matanki, ndipo oweta amaiopa ngati kolera, chifukwa nsomba ikafika potupa sichira kawirikawiri. Ndiye taganizani, shopu yaika pa peji nsomba makumi anayi, zonse mimba zili tutumu. Anthu anayamba kulemba pansi pa zithunzizo kuti musagule pamenepo, matanki awo ali ndi matenda. Wina anatenga zithunzizo n'kuzitumiza ku gulu la oweta nsomba a mu Joni monse. Bambo wa hotela uja anaimba kuti oda yake iime.

Adona anathamangira ku matanki ndi tochi, kuyang'ana nsomba imodziimodzi. Zonse zili bwinobwino. Anabwerera pa kompyuta, n'kuyang'ana chithunzi, n'kuyang'ana thanki, kenako n'kuyang'ana ine.

"Medson, nsomba iyi ndi iyo?"

"Ndi yomweyo, adona."

"Nanga mimbayi yaitenga kuti?"

"Ndaipatsa ine, adona. Kwathu nsomba yowonda saigula."

Anagwira pachipumi. Kenako akuti, "Kodi ndinati uyeretse chiyani?" Ndinati madzi ndi galasi. "Nanga nsomba ndinaitchula?" Ndinati ayi. Manyazi amene anandigwira, ndinalakalaka nditalowa m'thanki n'kubisala kuseri kwa mwala. Ndinathamangira ku batani lobweza lija, koma linakana, poti ndinali nditasunga zonenepazo pamwamba pa zithunzi zenizeni. Zoyambazo zinapita. Safunsa anadya phula, amake Comfort, ndipo ine ndadya lodzaza dzanja.

Ngati mukuseka, sekani, ndakulolani. A Sumaili nditawafotokozera anaseka mpaka kukhala pansi pa matumba.

Chondipatsa mpweya n'choti sanandithamangitse tsiku lomwelo, ngakhale anali ndi chifukwa. Anangoti, "Juni sanathe." Sabata yathayi ndinalimba mtima n'kuwapempha kuti ndijambulenso nsomba zonse pa nthawi yanga ya nkhomaliro. Avomera, koma chithunzi chilichonse aziyamba achiona okha chisanapite pa peji. Kujambula nsomba si masewera, siimva kuti "taima." Koma ndazindikira kuti ndikayendetsa chala pamwamba pa madzi zimabwera kutsogolo n'kuima kaye kudikira chakudya, ndiye ndimajambula pomwepo.

A Sumaili ndawauza kuti pa ulendo wa kutha kwa Juni asadzaze mpando wa kumbuyo. N'kungokonzekeratu chabe, musatayepo mtima.

Mpungawo muupunthe msanga, ndipo musagulitse kwa mavenda a pa sikimu panopa, mtengo udakali pansi.

Ndine wanu wodya phula,
Medson


16 Juni 2024

Amake Comfort,

Ndalandira moni wanu ndi kathumba ka matemba owamba. Mulungu akudalitseni. Ndinawabisa kuchipinda, kuopa kuti adona angakomoke akaona zomwe timachita ndi nsomba kwathu. Ndakondwa kuti msana wapepuka. Ine ndili bwino, ndipo lero ndikulemba mtima uli m'malo kusiyana ndi masabata onsewa.

Bambo wa hotela uja adona anamunyengerera mpaka anavomera kubwera Loweruka lapitali kudzaona yekha ndi maso. Pokonzekera, adona anaitanitsa nsomba zatsopano makumi asanu ndi limodzi, zofiira za michira yaitali. Zinafikira m'thanki ya kuseri, ndipo Lachisanu masana zimayenera kusamukira ku matanki a kutsogolo. Matanki a kutsogolowo madzi ake ndi amodzi, amayenda m'mapaipi kuchoka mu ina kulowa mu ina.

Lachinayi ndinazijambula, n'kukhala pa kompyuta kuyeretsa. Nditakulitsa chithunzi chimodzi ndinaona timadontho toyera pa chipsepse, tating'ono ngati mchere wa m'paketi. Ndinati ndi timathovu, n'kufufuta tiwiri. Nditatsegula chithunzi chachiwiri cha nsomba yomweyo, itatembenuka, timadontho tija tili pomwepo. Chachitatu, pomwepo. Ndinasiya mausi. Thovu silitsatira nsomba, limakwera m'mwamba n'kuphulika, zimenezo ngakhale Comfort akudziwa. Ndinadina batani lobweza, tiwiri tija n'kubwerera. Ndinayang'ana zithunzi za zinzake, ndipo nsomba zisanu zinali nato.

Ndisakunamizeni, ndinakhala pampando paja mphindi zambiri ndikulimbana ndi mtima. Kufufuta kunali kwa mphindi imodzi, ndipo adona akanayamikira kuti zithunzi zayera. Kukanena kunali kudziputira mavuto. Munthu amene ndinadwalitsa nsomba zabwinobwino, ndipitenso kukanena kuti nsomba zikudwala, kutatsala masiku awiri kuti kasitomala wamkulu afike? Ndinaganiza za khoka la a Makisoni, ndinaganiza za pulasitiki yathu. Koma ndinaimirira.

"Adona, tabwerani mudzaone chithunzi ichi."

Anabwera nkhope itakwinyika kale. "Wachitanso chiyani?"

"Sindinachite kanthu, adona. N'chifukwa chake ndakuitanani."

Ndinawaonetsa zithunzi zitatu zija motsatizana. Anapita kuseri, n'kuyang'ana m'thanki ndi maso, osaona kanthu. Anatenga galasi lokulitsira, n'kundiuza kuti ndigwire nsombayo ndiiyandikitse. Nditaitapa anayang'ana kamodzi kokha, n'kufuula dzina la Mulungu wawo. Akuti ndi nthenda ya timadontho toyera, imayamba mobisala, ndipo zikanalowa kutsogolo bwenzi pofika sabata yamawa shopu yonse ili ndi maliro.

Thankiyo tinaipatula, ukonde wake ndi ndowa yake payokha. Tikuthiramo mankhwala ndi kutenthetsa madzi pang'ono. Adona anamuimbira bambo wa hotela n'kumuuza zoona, kuti adikire masabata awiri. Ndinkayembekeza kuti akwiya, koma akuti adikira. Mpaka lero zafa zisanu ndi imodzi, zotsalazo zayambanso kudya.

Za ntchito yanga adona sananenepo kanthu. Koma dzulo masana anandiikira nkhuku ndi tchipisi pa tebulo la kompyuta, ndipo ndinadya mpaka mafupa. Kwatsala masabata awiri.

Wanu,
Medson


7 Julayi 2024

Okondedwa Virginia, amake Comfort,

Lero ndakutchulani dzina, chifukwa ndi tsiku lake. Muli bwanji inu ndi mwana? Ine ndili bwino kuposa tsiku lililonse chiwolokereni malire.

Ndalembedwa ntchito.

Lachisanu lomaliza la Juni adona anandiitana titatseka shopu. Anatulutsa mapepala awiri, lina loti ndisainire, lina kalata ija. Akuti, "Oyeretsa zithunzi ndingawapeze ambiri mu Joni muno. Ndikufuna amene amadziwa pomwe sayenera kufufuta." Kenako anandiloza ndi cholembera n'kunena kuti, "Koma ukadzanenepetsanso nsomba yanga, ndidzakukazinga iweyo." Aka kanali koyamba kuwaona akuseka chiyambire Epulo. Ine ndinalephera kuseka, ndinangoti zikomo kangapo n'kusaina dzina langa mokhotakhota.

Bambo wa hotela anatenga nsomba zake Lachiwiri, ndipo wokatsuka thanki yake sabata iliyonse ndine.

A Sumaili ndawauza kuti mpando uja agulitse. A Makisoni muwauze mwaulemu kuti malo aja apatse wina, ndipo thumba limodzi la shuga m'katundumu ndi lawo. Malata kaguleni ku Zomba poti mwati kumeneko n'kotsikirako. Muyambe ndi khumi ndi awiri a mbali ya chipinda, enawo mwezi wamawa. Mpunga musagulitsebe, tsopano palibe chotithamangitsa.

Munalemba kuti Comfort akufunsa ngati bambo ake adakali ndi nkhope yomwe ija, ndipo mukufuna chithunzi. Adona anandijambula nditaima pafupi ndi thanki yaikulu, n'kundilola kuti ndichipulinte pa makina awo. Nditachitsegula pa kompyuta ndinadzidzimuka. Masaya alowa, khosi latalika, imvi zatuluka m'mbalimu. Pamwamba pa diso la kumanzere pali chipsera chomwe simukuchidziwa, nkhani yake ndidzakuuzani titakhala pakhonde, si ya m'kalata.

Mu shopu munalibe wina aliyense, ndipo kachida kotukula kaja ndikudziwa pomwe kamakhala. Ndinakaika pa tsaya langa, chala chili pa mausi. Mphindi ziwiri zokha bwenzi mukulandira bwana wonenepa wa ku Joni, woti mukamuonetse kwa a Elenala. Ndinangochotsa kuwala kwa getsi pa galasi la thanki n'kupulinta.

Ndiye chithunzi chili m'kalatamu ndine ndemwe, mmene ndilili. Mukachiona musalire, ndipo mwana mumuuze kuti wowondayo ndi bambo ake ndithu. Ndi munthu wa pa ntchito ameneyo. Pofika Khirisimasi masaya adzabwerera okha.

Ndine mwamuna wanu,
Medson